Tsiku limene amayi anakhala kutsogolo

Alamu anga, amuna a mkulu wanga, kwawo ndi ku Vubwi. Anabwera kuno ku Katete ngati mkamwini kwathu kudakali mudzi: nyumba zaudzu, nkhokwe, minda ya thonje kuseri. Lero mukapite mukaone. Ife sitinasamuke ayi, tauni ndiyo inatipeza tili khale. Minda inadulidwa maploti, ndipo pamene tinkakumba mtedza pali nyumba zamalata za aphunzitsi, anamwino, apolisi opuma ntchito, ena ochokera ku Lusaka ndi kumigodi. Ine ndimasoka pakhonde la sitolo ina kumsewu waukulu, ndiye nkhani zonse za m'komboni zimadutsa pa makina anga.

Pakati pa ife ndi msika pali khwawa. M'chilimwe mbuzi zimadyamo, koma mvula ikangoti yagwa usiku wonse, basi, tatsekeredwa. Ana sapita kusukulu, wodwala amadikira madzi aphwe. Makhansala akhala akulonjeza mlatho kuyambira ndili mtsikana. Alamu, poti ntchito yawo ndi yowotcherera zitsulo, anatopa nazo. Anakoka chitsulo cha lole yakufa, nachiyala pakhwawapo, nkuikapo matabwa. Kamlatho kopapatiza, kodutsa munthu mmodzimmodzi, koma kanatiombola. Anthu ndiwo anayamba kuwalimbikitsa kuti aime pa ukhansala. Chipani chimene ankafuna kuimira chitasankha munthu wina wa galimoto, amene nsapato zake sizinapondepo matope athu, alamu anati aima paokha.

Ndinawaseka. Mlamu ndi wosekana naye, nanga ndikanaseka ndani? Ndinati, "Alamu, inu amene mumachita chibwibwi poitanitsa mchere, mukalankhula chiyani kukhonsolo?" Iwo anangoti, "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, mlamu." Ankanena zoona. Sabata yomweyo ndinawasokera malaya oyera osawalipiritsa.

Tsono pali chinthu chimodzi chimene obwera a m'nyumba zamalata aja sankachidziwa. Alamu ndi amayi anga anali asanayang'anizanepo chikwatirire. Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi amapewana. Si chidani, ndi ulemu, ndipo awiriwa ankausunga mopitirira anzawo onse. Akakumana panjira, alamu ankalowa patchire ngakhale pali chitedze. Amayi akafuna kuti denga likonzedwe, ankauza mkulu wanga mokweza, "Uwauze bambowo kuti kukudontha," alamu ali kuseri kwa chitseko akumva zonse. Tsiku lina ndinaona ndi maso angawa alamu ali pakati pa kamlatho kawo komwe, amayi atulukira kutsidya, iwo nkudumphira m'matope mpaka m'mawondo. Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Koma amayi madzulo ake anandiuza kuti, "Mwana wa eni ake uja analeredwa." Ankawakonda kwambiri, kungoti chikondicho chinkadzera mwa ife.

Vuto linali lakuti amayi ndiwo ankatsogolera azimayi oimba a chipani chija. Zitenje za nkhope za andale zinali zodzaza sutukesi. Amayi akatsogola, azimayi a kumsika ndi a kumpingo amatsata, ndipo aliyense ankadziwa zimenezo. Alamu ataima paokha, amayi sanaonetse mbali yawo. Sanaimbe nyimbo yowanyoza, sanaimbenso yowatama. Azimayi ankabwera pa makina anga ngati akufuna kupinditsa chitenje, koma funso linali limodzi: "Nanga amayi anu ali kuti?" Ndinkawayankha kuti akawafunse okha, ine sindine wailesi.

Alamu analibe galimoto, analibe zitenje zogawa. Ankayenda khomo ndi khomo pa njinga, koma komboni inali itakula, ndipo nyumba zambiri zatsopano zili ndi mipanda ndi agalu. Mwayi wawo unali umodzi wokha. Atsogoleri a mipingo ndi a kumzikiti anakonza msonkhano pabwalo la sukulu kuti onse opikisana alankhule pamaso pa anthu, aliyense nthawi yake. Pamenepo ndi pamene obwera aja akanawamva. Mwini sitolo imene ndimasokerapo, Msilamu wobadwira ku Malawi, anawabwereka chimkuzamawu chake. Alamu ankayeserera mawu awo m'shedi, akuwotcherera mawindo, mpaka chibwibwi chinatha. Ine ndinawamvapo ndikudutsa. Abale, anali mawu! Ankadziwa pamene madzi amayambira, pamene ngalande iyenera kudzera, ndi nyumba ziti zimene zinamangidwa panjira ya madzi.

Tsikulo linali Loweruka masana, dzuwa lili phwee. Anthu anadzaza pansi pa mitengo ya mango, obwera aja atanyamula mipando yawo yapulasitiki. Wa galimoto uja analankhula koyamba, theka Chingerezi, anyamata ake akuimba malikhweru. Kenaka anaitana alamu. Anaimirira ndi malaya anga oyera aja, nagwira chimkuzamawu, napereka moni bwinobwino. Mtima wanga unakhala pansi.

Ndiye kunamveka nthungululu kumbuyo. Titacheuka, amayi! Akubwera pakati pa anthu, atavala chitenje wamba chopanda nkhope ya munthu, azimayi awo ali pambuyo mnzere. Sanauze aliyense pakhomo, ngakhale ife ana awo. Anaganiza okha kuti tsiku loonetsa mbali yawo ndi limenelo, ndipo kuti aliyense aone, anadutsa mipando yonse nkukakhala pansi kutsogolo kwenikweni, pafupi ndi mapazi a alamu.

Ndinaona nkhope ya alamu ikusintha. Sanaganize nkomwe, thupi linangochita lokha. Anavula chipewa, nabwerera m'mbuyo, natembenukira kumbali, nkunjuta. Chimkuzamawu chinaloza pansi. Anayesa kupitiriza, koma mawu ankapita kwa nyerere. Munthu wamkulu, tate wa ana, atanjuta pamaso pa wadi yonse akulankhula ndi tsinde la mango.

"Alamu, imirirani! Lankhulani!" Ndinakuwa ine, osasamala kuti ndani akundimva.

Amayi anazindikira zimene achita. Pofuna kuwamasula, anakoka mpango kuphimba kumaso, natembenuka kuwapatsa msana. Azimayi awo, poona mtsogoleri watembenuka, nawonso anatembenuka. Ife akumudzi tinamva tanthauzo lake: lankhulani bambo, sindikukuonani. Koma obwera aja anaona china. Anaona gulu la azimayi litabwera kudzafulatira munthu pagulu. Mayi wina wa mpando wapulasitiki pafupi nane anati, "Ngakhale apongozi ake amukana." Ndinamuyankha mawu amene sindingawalembe pano. Sizinathandize.

Alamu anaimirira ndithu, koma chibwibwi chinali chitabwerera chonse. Anatchula khwawa, anatchula ngalande, mawu akuduka ngati ulusi wowola. Nthawi yawo inatha. Wa galimoto uja anapempha kuyankhapo, ndipo anangoti, "Munthu woopa apongozi ake, akaimirira bwanji pamaso pa akuluakulu a boma?" Anthu anaseka. Ndinapsa mtima, chifukwa munthu amene ankamusekayo ndi amene anawamangira kamlatho kamene anadutsapo pobwera kumsonkhanoko.

Masiku otsalawo tinayesetsa. Ine ndinkafotokozera aliyense wobwera pa makina anga, mwini sitolo nayenso ankafotokozera ogula shuga kuti ngakhale kwawo ulemu umenewu ulipo. Ena ankamva, ena ankangoti, "Zachikale zimenezo." Nkhani ya kunjuta inathamanga kuposa njinga ya alamu. Amayi sanatuluke m'nyumba kufikira tsiku lovota, ndipo ankadya pang'ono.

Alamu sanapambane. Kumudzi kwathu kwakale anawavotera pafupifupi onse, koma nyumba zamalata ndi zambiri kuposa ife tsopano. Ndinalira, sindibisa. Iwo m'mawa mwake anatsegula shedi monga mwa masiku onse nkuyamba kuwotcherera geti la munthu wina, mwina amene sanawavotere nkomwe.

Ndinali pomwepo, ndikuwathandiza mkulu wanga kusenda nandolo, pamene amayi analowa pabwalo atakumbatira tambala. Alamu atangowaona anazimitsa makina nkuyamba kuzemberera kuseri kwa shedi.

"Imani pomwepo, bambo."

Tonse tinauma. Aka kanali koyamba amayi kulankhula nawo mwachindunji. Kwathu njira yothetsera kupewana ilipo: apongozi amapereka nkhuku, mkamwini nkulandira, basi kuyambira pamenepo amalankhulana. Kungoti awiriwa sanaonepo chifukwa chake. Ankaona ngati mmene ankakhaliramo ndi momwe zinkakomera.

Amayi anagwada, natambasula manja ndi tambala uja. "Landirani. Ndinadza kuti ndikukwezeni, ndinakutsekani pakamwa. Mundiyang'ane, ndine mayi wanu."

Alamu anapukuta manja pa ovolosi, nagwada nawonso, nalandira. Anakweza maso pang'onopang'ono ngati akuyang'ana moto wowotcherera opanda galasi. "Simunalakwe, amayi," anatero. "Ndinaona chitenje chimene munavala."

Amayi anakhala pa mpando wa mkulu wanga, nakonza mpango wawo. "Tsono ndiuzeni zimene munafuna kunena tsiku lija. Ine sindinazimve."

Ndinaganiza kuti akana. Koma alamu anapatsira mkulu wanga tambala uja, naimirira pakati pa zitsulo zawo, nkuyamba. Moni, khwawa, pamene madzi amayambira, pamene ngalande iyenera kudzera, ana amene amaphonya mayeso, mayi amene anachirira kutsidya kuno chipatala akuchiona. Chibwibwi panalibe ngakhale pang'ono. Anthu odutsa mumsewu ankasuzumira pampanda nkumapitirira. Omvera tinali atatu basi: amayi, mkulu wanga ndi ine, nandolo zanga zili pamwendo.

Alamu anamaliza. Amayi anagwira pakamwa, misozi ikutsika.

"Kalanga ine," anatero. "Zaka zonsezi, mawu amenewa anali pakhomo panga pomwe?"