Njinga ya a Mervis

A Jailosi Namakhwa adamwalira chaka chatha ku Bangwe, koma mwana wawo Doreen akawakumbukira amawaona ali ndi sipanala m'manja. Adali injiniya ku usilikali, ndipo adamanga milatho zaka makumi awiri asanapume pa ntchito.

Akazi awo, a Mervis, atafa miyendo, a Jailosi adatola njinga ziwiri zakutha n'kuziwotcherera kukhala njinga yowakankhirapo. Lamulungu lililonse ankakwera nawo chitunda chopita kutchalitchi, thukuta lili kamukamu.

"Ababa, mwatopa, ndikankheko ine," Doreen adawapempha tsiku lina.

"Ayi mwanawe," adayankha akuseka. "Amayi akowa ndidawafunsira ndekha, ndiwaperekezanso ndekha."

Adatero zaka zisanu ndi chimodzi, osaphonya ngakhale mvula igwe chotani.