Udzudzu wa m'nyumba ya bambo

Nkhondo itatha tinabwerera kuchokera ku Malawi n'kupeza mudzi wathu wa m'mbali mwa nyanja ya Chiuta uli thengo lokhalokha. Bambo anamanga pomwe panali nyumba yakale, kufupi ndi dambo la mpunga, ndipo ine ndinkakhala nawo chifukwa mayi anamwalira tili kumsasa wa othawa nkhondo. Patapita zaka mwendo wawo wamanzere unayamba kutupa. Poyamba unkatupa n'kuphwa, kenako unasiya kuphwa, khungu n'kukhakhala ngati khungwa la mtengo. Iwo ankati anaponda chinthu choipa polambula malowo, pakuti nthakayo inamwa magazi ambiri ife kulibe. Inenso ndinkakhulupirira zomwezo.

Tsiku lina m'mawa ndikusesa pabwalo, kunafika galimoto. Munatsika mayi wina wa ku Maputo, amene ankatchedwa adotolo, ndi mphunzitsi wa pa esikola, sukulu yathu, woti aziwamasulira. Anati akufuna udzudzu. Anthu anaseka. Koma wina atafunsa kuti udzudzuwo ndi wachiyani, mphunzitsi anayankha kuti adotolo akufufuza majini amene ali m'kati mwake.

Kuseka kunathera pomwepo. Anansi athu ambiri ndi asodzi achisilamu, ndipo kwa iwo majini ndi ziwanda. Azimayi anakoka ana awo. Wina kumbuyo ananena kuti awa ndi anamapopa, akufuna kutenga magazi athu kudzera m'mimba mwa udzudzu. Mphunzitsi, thukuta lili kamukamu, anayesa kufotokoza kuti majini a m'mabuku ndi tinthu tosaoneka timene mwana amatengera kwa makolo ake, koma anthu anali atayamba kale kutseka zitseko.

Bambo anali pamkeka, mwendo uja atautambasula. Anati, "Alowe kwanga. Chatsala n'chiyani choti andilande?"

Adotolo ndi mphunzitsi anayala nsalu zoyera pansi ndi pabedi, n'kupopera mankhwala, n'kutseka. Atatsegula ndinagwira pakamwa. M'nyumba imene ndinkaisesa tsiku lililonse, nsalu zonse zinali madontho akuda okhaokha. Adotolo anatola udzudzu umodzi wakufa n'kundionetsa. Mimba yake inali yofiira, yotukuka. Anali magazi a bambo kapena anga.

Uliwonse ankauika m'kabotolo kake. Anatiuza kuti udzudzu wooneka wofanana suli mtundu umodzi, ndipo iwo amayerekeza wa kuno ndi wa kumayiko ena kuti adziwe chifukwa chake wina umanyamula matenda pamene wina sunyamula. Akunena izi maso awo anagwera pamwendo wa bambo. Anagwada, n'kupempha kuugwira. Palibe mlendo amene anaugwirapo. Kenako anatipempha kuti tikawapeze kuchipatala cha ku Insaca, kumene anaika makina awo oonera tinthu tating'ono.

Tinakwera shapa, kabasi kakang'ono. Kumeneko adotolo anatenga udzudzu wa m'nyumba mwathu, n'kuung'amba ndi singano pakagalasi, n'kundiuza kuti ndisuzumire. Ndinaona kanyongolotsi konga ulusi. Ndinabwerera m'mbuyo mpaka kugunda khoma. Anafotokoza kuti udzudzu umatenga tinyongolotsi timeneti kwa munthu wina n'kukatisiya mwa wina, ndipo timakula m'thupi kwa zaka, n'kutseka njira za madzi, mwendo n'kumatupa.

Bambo anasuzumira nthawi yaitali. Ataweramuka anafunsa motsitsa mawu, "Ndiye kuti sindinaponde kanthu?"

Adotolo anati ayi. Sanawanamize kuti mwendowo ubwerera mwakale. Anati aziutsuka ndi sopo tsiku ndi tsiku, kuumitsa bwino pakati pa zala, ndi kuuika pamwamba akamapuma. Kenako anatembenukira kwa ine n'kunena kuti popeza timagona m'nyumba imodzi, mwina inenso ndili nato kale ngakhale sindikumva chilichonse. Ndinakweza kapulana, nsalu imene ndinavala, n'kuyang'ana miyendo yanga pamaso pa anthu, manyazi onse ataiwalika.

Bambo anafotokozera aliyense wobwera kudzawaona. Ena anamva, ena anati mzimayi wa kutauni watizunguza mitu. Adotolo sanabwerenso, ndipo zimene anapeza m'mabotolo aja sitinazimve. Mwendo wa bambo sunaphwe, koma malungo ndi zilonda zimene zinkawagoneka zinachepa. Ine miyendo yanga ilipo bwino mpaka lero, ngakhale ndimaipapasabe ndikadzuka.

Mvula itatha, msodzi wina wachikulire anabwera kunyumba, akuyenda motangadza. Anapereka moni akuyang'ana pansi. Bambo anandituma kukatunga madzi, mitsuko ili yodzaza. Pambuyo pake anangondiuza kuti mnzawoyo naye watupa, koma pamalo osatchulika, ndipo wakhala akubisa ngakhale kwa abale ake. M'mawa mwake anabwereka njinga n'kuperekezana ku Insaca, ndipo patapita miyezi bamboyo anachitidwa opaleshoni n'kubwerera kunyanja.