Nthenga ya a Sichali

Ku Chisenga aliyense anali ndi ntchito yooneka ndi maso: wina kulima mawere, wina kusoka, wina kufulula mowa. A Esau Sichali okha ndiwo ankaweta mphepo. Anthu ankawaseka, ndipo kunena zoona anali oseketsa. Munthu wamkulu, imvi zili mbuu m'mbali mwa makutu, kumayenda ndi nthenga ya nkhanga yomangirira ku ulusi, n'kumaiimika m'mwamba ngati sing'anga wosaka mfiti.

Lusoli analitenga ku migodi ya ku Zambia, kumene ankatsegula ndi kutseka zitseko za mphepo pansi pa nthaka. Anzawo anabwerako ndi njinga ndi wailesi. Iwo anabwerako ndi sipanala, ndi chizolowezi chonunkhiza chipinda asanapereke moni. Chipatala cha mishoni chitamanga wodi ya chifuwa chachikulu, azungu anaikamo fani wamkulu kudenga ndi mipope ya malata yotsikira m'makoma. Mumpope uliwonse munali kachitseko ka lata, kotembenuza ndi kachitsulo ka kunja, kuti mpweya wabwino ulowe wambiri kapena wochepa. Azunguwo atapita, ntchito yosamala zimenezi inagwera a Sichali.

Kenaka akazi awo, a Bessie, anayamba kutsokomola, ndipo anagonekedwa m'wodi momwemo. A Sichali anachonderera anesi mpaka anawapezera bedi la pakona, pansi penipeni pa kamwa la mpope. Anauza mkazi wawo kuti amenewo ndiwo malo a bwana, mpweya wake wosagwirako munthu.

"Awiske Grace," anatero a Bessie, kuwaitana mwa chikwawo ndi dzina la mwana wawo, "amuna a anzanga amabwera ndi nkhuku. Inu mwandibweretsera mphepo."

Anaseka onse awiri, wina mpaka kutsokomola. Koma unali mwezi wa Juni, pamene chisanu cha ku mapiri a Mafinga chimaluma ngati chili ndi mano. Amayi odikirira odwala ankati mphepo ndiyo imabweretsa chifuwa, choncho ankatseka mawindo onse. A Sichali ankawatsegula, n'kuwalalikira za mpweya woipa mpaka amayiwo kuwatcha abusa. Za kuzizira sanafunsepo munthu, ngakhale mkazi wawo.

Tsiku lina m'mawa anaimika nthenga pamwamba pa bedi la a Bessie, nthenga ili lende, osagwedezeka. A Bessie anali atafooka kuposa kale. Atawafunsa ngati anamva china chikulira mumpope, iwo anatembenukira kukhoma n'kunena kuti anagona bwino.

A Sichali anayambira kutali, monga mwa ntchito yawo. Jenereta inkalira bwinobwino. Anakwera kudenga, anapeza lamba wa fani ali wolimba, anathira girizi. Anayenda ndi nthenga bedi ndi bedi, ndipo paliponse inkavina kupatula pakona paja. Kachitsulo ka pamenepo kanali gwa, kosatembenuka. Anati mwina makoswe amangamo nyumba popanda kupempha malo.

Inali nthawi yoona odwala masana pamene anaimika makwerero, namasula sefa ya pakamwa pa mpope, napisamo dzanja mpaka m'phewa. Anakoka chinsanza chakuda bii ndi fumbi, chimene chinakola kachitseko kaja. Mpweya unatuluka, nthenga inavina. Ndi chimwemwe anapukutira girizi wa m'manja pachinsanzacho, anachiponya pansi, ndipo potsika anachiponda.

A Mackson, tcheyamani wa nthambi ya chipani, amene anabwera kudzaona apongozi awo, anatola chinsanzacho n'kuchitambasula. Inali nsalu ya chipani. Nkhope ya mtsogoleri wa dziko, imene masiku amenewo munthu sankaiyang'ana ndi diso lokhota, inali ndi girizi pamphumi ndi chidindo cha nsapato pakamwa.

A Sichali sanayang'ane nkhopeyo. Anayang'ana pangodya, pamene panali chipsera cha simbi chimene anachipanga okha tsiku lina poyesa kusita. Nsaluyo inali ya a Bessie. Mayiyo ndiye anaikankhiramo ndi mtengo wa tsache, kudzera pobowoka pa sefa, chifukwa cha kuzizira, posafuna kukana malo a bwana amene mwamuna wawo anawavutikira.

A Mackson sanali chilombo, ankamwera chipanda chimodzi ndi a Sichali. Koma m'wodi munali maso ambiri, ndipo tcheyamani wokhala chete pa nkhani yotere ankagona kupolisi iye mwini. Anafunsa motsitsa mawu kuti anaika nsaluyo mumpope ndani. A Bessie anayesa kudzuka, chifuwa chinawagwira pakhosi.

"Ndine," anatero a Sichali. "Kachitseko kankagwedera, ndiye ndinakapanira ndi nsaluyo."

Bodza lake linali losapsa, pakuti aliyense ankadziwa kuti munthu ameneyu sakanatseka mpope ngakhale atamulonjeza ng'ombe. Koma palibe anatsutsa. Podikira galimoto ya apolisi anapempha kuti amalize ntchito. Anabwezera sefa ija, anamangirirapo nthenga, navula jekete lawo la ku migodi n'kufunditsa mkazi wawo.

"Anyina Grace, ikamavina iyi, inu pumani. Musatsekenso."

Anawatengera kuboma, kuchoka apo kundende ya kum'mwera. Mvula inagwa, anthu anakolola, inagwanso. A Sichali anabwerako ali mbee kumutu, buluku atamanga ndi luzi. A Bessie anali ataikidwa kale, mvula yoyamba ija isanagwe.

Nesi wina wachikulire ndiye anawafotokozera. Anati mayiyo sanalole munthu kutseka mpopewo, ankangodzipinda m'jekete muja mano akugunda. Koma pasanapite nthawi lamba wa fani anaduka, ndipo palibe analimba mtima kukhudza makina a munthu womangidwa. Nthenga inaima. Maso atayamba kuchita chidima, a Bessie ankafunsa m'mawa uliwonse ngati ikuvina, ndipo mayi wa bedi loyandikana ankaikupiza ndi mbale n'kuwauza kuti ayang'ane okha.

A Sichali anapempha makwerero. Lamba watsopano kunalibe, choncho anadula tayala lakale la njinga, nalisoka ndi waya. Fani anakhosomola ngati nkhalamba, kenaka anazungulira. Nthenga ija inali pomwepo, yotuwa ndi fumbi, ndipo inayamba kugwedezeka.

Pabedi la pakona panali mtsikana wa ku Wenya, woonda ngati bango. Anakoka bulangete mpaka m'khosi. A Sichali anatsika, anaima pambali pake n'kumufunsa m'Chitumbuka ngati akuzizidwa. Iye anavomera ndi mutu. Anakweranso n'kutembenuza kachitsulo kaja pang'ono, mpaka nthenga inkangonjenjemera, ndipo anapita kukapempha bulangete lina kwa anesi.

Anagwira ntchitoyo mpaka miyendo inakana makwerero. Zolalikira amayi za mawindo anasiya. Jekete lija anesi analisunga ndipo anawabwezera, koma sanalivalenso. Linkakhala pamsomali pakona paja, ndipo Juni akafika linkafunda aliyense wogona pamenepo.