Minga ya m'Chidendene cha Mkazi Wanga

Zaka zija dziko lili la chipani chimodzi, tinkakhala ku Kalingalinga m'nyumba ya zidina. Ine ndinali mmisiri wa matabwa. Mkazi wanga ankalawirira wapansi ku Kabulonga atavala patapata, kukachapa ndi kusita zovala za eni chuma, chiimirire pasimenti mpaka dzuwa kupendeka.

Nthendayo inayamba ngati masewera. M'mawa akangoponda pansi, chidendene cha kumanzere chinkabaya ngati waponda minga ya mthethe. Akayendako pang'ono ululu unkazilala, koma akakhala pansi n'kunyamukanso, unkabwerera. Tinafufuza ndi singano, koma minga panalibe, bala panalibe. Kwathu ku Katete, nthenda yopanda bala imakhala ndi mwini wake.

Woyamba kuganiziridwa anali mayi woyandikana nafe, wochokera kumigodi, amene ankasesa mbandakucha mpaka pakhomo pathu.

“Atate, mukuona kasesedwe kameneka?” anandinong'oneza mkazi wanga. “Atchera mankhwala pakhomo, kenaka afafaniza ndi tsache.”

Kuti mtima wake ukhale pansi, ndinayala thabwa lalitali kuchokera pachitseko kukafika panjira, kuti asapondenso pabwalo.

“Ba neba, mwamanga ulalo?” anaseka mayi uja. “Mvula ikalibe na kubwera! Kapena muopa vinyerere?”

Thabwalo ndilo linandipachika. Mkazi wanga anazindikira kuti ululu ukuyambira pambali pa bedi, asanafike n'komwe pachitseko, ndipo mayi uja anali asanalowepo kuchipinda kwathu. Akale anati moto umapita kumene kwatsala tchire. Tchire lotsala ndinali ine.

Anayamba kukutumula patapata asanavale, kusuzumira kunsi kwa bedi, kununkhiza madzi amene ndamutungira. Anakumbukiranso mayi wina wa pamsika wa Mtendere, amene ndinamukhomera benchi.

“Mufuna ndipunduke kuti mulowetse wa benchi uja? Nenani, atate, ndikupatseni malo ndikadali ndi miyendo.”

Anamanga zovala zake m'chitenje, ulendo wa ku Katete. Ndinamupempha kuti, popeza kutsutsa galu n'kukumba, tiyambe tapita kukiliniki. Madokotala akapanda kupeza kanthu, ndikamukweza basi ndekha.

Dokotala anadina ndi chala chachikulu kutsogolo kwa chidendene, mkazi wanga n'kukuwa. Anafotokoza kuti kunsi kwa phazi kuli mtsempha wotambalala wochokera kuchidendene kukafika kuzala. Ukatopetsedwa ndi maulendo aatali, nsapato zopyapyala ndi simenti, umavulala; usiku umakhwinyata, ndipo kuponda koyamba kumaukoka mwadzidzidzi. Analangiza nsapato zoikamo chinkhupule, kugubuduza phazi pabotolo la madzi ozizira, kupumulako posita, ndiponso kuti m'mawa uliwonse, asanaponde pansi, wina azimupindira zala m'mwamba pang'onopang'ono. Anachenjeza kuti kuchira kudzatenga miyezi.

Titatuluka, mkazi wanga anandiyang'ana cham'mbali. “Munadzamuuziratu zonena, eti?”

M'mawa mwake ndinagwada pambali pa bedi n'kudikira. Anabisa phazi m'bulangete kwa nthawi. Kupereka phazi lodwala kwa munthu amene ukumuganizira si chinthu chapafupi.

“Onetsani manja,” anatero.

Ndinatambasula zikhatho. Anayang'ana pakati pa zala, ngakhale m'zikhadabo, ndipo pamenepo anatulutsa phazilo, maso ali pa ine ngati nkhuku yoona kabawi.

Tinachita chomwecho dzinja lonse, mtolo wa zovala uja uli chimangire kuseri kwa chitseko. Masiku ena ululu unkakula, iye n'kuyang'ana kumtoloko. Chimanga chitayamba kucha, tsiku lina anadzuka n'kufika pachitseko osatsimphina. Madzulo pobwera kuntchito ndinapeza chitenje chija chili pachingwe, zovala zabwerera m'bokosi, thabwa lija ataliimika kukhoma kuti ndilipezere ntchito ina.