Mphira Imene Ndinamanga Pansi pa Galimoto ya Amalume

Ndikukumbukira kuti tsiku limenelo dzuwa silinaoneke. Inali nyengo yozizira ya ku Tsangano, chifunga chitakuta mapiri kuyambira m'mamawa, kamvula kowaza kakunyowetsa udzu wa pa denga. Mphepo inkalira m'mabulugama a kuseri kwa tchalitchi. Pabwalo pathu pankamveka amuna akusoka matumba a kachewere, wina akutsokomola, nkhumba zikulirira gaga m'khola. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu.

Bambo anga, a Bernado, anali makaniko. Kwawo kunali ku Chidzolomondo, ku Makanga, koma monga mwa mwambo wathu anadzakhala chikamwini kwawo kwa amayi. Mkamwini amalima munda wa eni, amamanga nyumba pa dothi la eni, ndipo ana amene wabereka mwini wake ndi malume. Ine amalume ndinali nawo awiri. A Kasiyano anali aakulu, eni mbumba, munthu wa mawu okuluwika amene akayankhula sayembekeza kuyankhidwa. A Jowakimu anali aang'ono, anthabwala, ndipo ndiwo ankayendetsa galimoto.

Galimotoyo anaigula awiriwo nkhondo itatha. Inali pikapu yakale, ija ikuluikulu ife timati karinya, yonyamula matumba makumi osadandaula. Inali ndi nthenda imodzi yokha. Ikathamangako pang'ono n'kugunda kadzenje kapena mwala, kutsogolo konse kunkayamba kunjenjemera. Sikunali kugwedezeka wamba ayi. Chiwongolero chinkalimbana ndi manja a dalaivala ngati mbuzi yokana chingwe, matayala akupukusa mitu uku ndi uku, zitseko zikugubuduka, okwera pamwamba akufuula dzina la Mulungu. A Jowakimu ankaponda mabuleki pang'onopang'ono mpaka kunjenjemera kuleke, kenako n'kusuzumira pawindo akuseka: "Musaope, ndi malungo chabe, yamwa kale mankhwala!"

Bambo sankaseka nawo. Tsiku lina anaiimika pabwalo, nandikweza kutsogolo injini ili chete.

"Gwedeza chiwongolero, kumanja, kumanzere, pang'onopang'ono. Usaleke mpaka ndikuuze."

Iwo anagona chagada pansi pa galimoto, akugwira mfundo iliyonse ya zitsulo ndi dzanja. Patapita nthawi anaitana a Jowakimu kuti agwedeze ndiwo, ine ndilowe pansi. Anatenga dzanja langa naliika pamfundo ina pafupi ndi tayala la kumanzere. Amakaniko amaitcha terminali. Ili kumapeto kwa chitsulo chachitali chimene chimalumikiza matayala awiri akutsogolo kuti azikhota pamodzi, ndipo mkati mwake muli kampira kachitsulo kokhala m'kachikho. Ndinamva kampirako kakugogoda m'dzanja langa ngati dzino logwedera.

"Wamva?" anatero bambo. "Kameneka kakadzatuluka m'chikho mwake, tayala lililonse lidzapita kwawo."

Anapezanso kuti mphira zogwira zitsulo za mamola, zija zofewetsa mabampu, zinali zitatha, ndipo tayala lina linadyeka mbali imodzi. Anafotokoza kuti zinthu zimenezi zimathandizana: kena kakagwedera kamadzutsa kanzake, mpaka kutsogolo konse kuvina. Madzulo ake anauza amalume.

"Alamu, galimoto iyi isayende. Ndipite ku Tete ndikafune zitsulo. Masiku anayi ndabwera."

"Masiku anayi?" anatero a Kasiyano. "Kachewere akhale m'matumba masiku anayi, kunja kukuwaza chonchi? Ogula akudikira kumsewu wa tala, alamu, sadikira inu."

"Kachewere akawola tidzadzala wina."

"Ndi wanu kodi, kuti muzinena choncho?"

M'mawa mwake bambo anachotsa tayala la kumanzere, nakhazika galimoto pamiyala, nanyamuka.

Tsiku lachifunga lija linali lachiwiri chichokereni iwo. Ndikuotha moto m'khitchini, a Jowakimu anasuzumira pakhomo atanyamula chubu chakale cha njinga yamoto.

"Lusiyano, tabwera kuno, mesitiri wamng'ono. Akuti iwe ndiye unagwira pamene pakudwala."

Ndinavomera. Anaseka nandisisita kumutu.

"Ndiye Tete ndi wachiyani? Ku Malawi kuja tili kothawa nkhondo, malole ankayenda ndi mphira mpaka chaka. Umangodula chubu, n'kukulunga mfundoyo molimba, kampira sikangatuluke. Ine mimba yandikulira, sindingakwane pansipo. Talowa iwe."

"Bambo anati isayende."

A Kasiyano anali ataima chapatali, manja kumbuyo. Sanakweze mawu.

"Bambo ako ndi mlendo pamudzi pano. Iwe ndiwe wathu. Kachewereyu ndi wa mayi ako, ndi wako. Lowa."

Ndakhala ndikudzifunsa zaka zonsezi ngati ndinalowa chifukwa cha mantha. Mantha analipo. Koma ndikanena zoona pamaso pa Mulungu, kunyada kunaliponso. Palibe munthu anali atanditchulapo mesitiri, katswiri wa ntchito. Ndinagona pa dothi lonyowa, msana ukuzizira, ndinadula chubu m'mizere, ndinakoka ndi mphamvu zanga zonse, kukulunga, kubwereza, kumanga. A Jowakimu atagwedeza chiwongolero, kugogoda kuja sikunamvekenso. Ndinaganiza kuti ndachiritsa chimene bambo anachilephera.

"Waona?" anatero a Jowakimu. "Uyu adzaposa bambo ake. Koma zikhale zathu izi, wamva? Akabwera tidzangoti tinayenda pang'onopang'ono."

Anabwezera tayala, napakira matumba mpaka kupitirira denga. Kenako amayi anatuluka m'nyumba atafunda nsalu ziwiri, dengu lili m'manja. Ankafuna kukagula mchere ndi sopo, komanso kuonetsetsa kuti matumba awo asasokonezeke ndi a ena. Poponda tayala kuti akwere, anandiyang'ana.

"Nanga siija bambo ako amati yadwala?"

"Yachira, achemwali," anayankha a Jowakimu. "Kwerani."

Amayi sanayang'ane a Jowakimu, anayang'anabe ine. Mawu anali pakamwa panga. Ndikanangoti, "Amayi, tsikani." Ndinawerama n'kumapukuta manja pa kabudula. Iwo anakwera nakhala pamwamba pa matumba, ndipo galimoto inalowa m'chifunga.

Uthenga unabwera masana ndi munthu wa panjinga. Pamtsetse wina wotsikira kukamlatho, tayala linagunda dzenje, kunjenjemera kunayamba, mphira inaduka. Kampira kanatuluka m'chikho monga ananenera bambo. Galimoto inasiya msewu n'kukagona cham'mbali m'ngalande. Palibe anamwalira. A Jowakimu anangochekeka pamphumi. Amayi anapanidwa ndi matumba, fupa la m'chiuno linathyoka, ndipo kuyambira pamenepo mpaka imfa yawo anayenda ndi ndodo.

Bambo anafika tsiku lachinayi monga analonjezera, zitsulo zatsopano zili m'thumba. Anapita kuchipatala, anapita kukaona galimoto pamene inagwera, nabwera kunyumba. Amayi akadali kuchipatala, abale anasonkhana pakhonde la a Kasiyano. A Kasiyano anayala nkhani yawo bwinobwino: galimoto inali m'manja mwa mkamwini, mkamwini anaigwiragwira, anamangamo mphira, nauza eni ake kuti ikhoza kuyenda ulendo umodzi.

"Ine ndinati isayende," anatero bambo. "Mphira sindinamange."

"Ndiye inadzimanga yokha? Pamudzi pano makaniko ndani?" Kenako anatembenukira kwa ine. "Lusiyano, iwe umakhala nawo pansi pa galimoto. Wamanga mphira ndani?"

Anthu onse anandiyang'ana. A Jowakimu ankayang'ana pansi, akukanda chilonda cha pamphumi. Bambo anandiyang'ana mofatsa, mopanda ukali, monga ankayang'anira injini imene sanaimvetse.

"Sindikudziwa," ndinatero.

Mlandu unathera pomwepo. Sanawapirikitse ndi ndodo ayi. Kwathu mkamwini sapirikitsidwa choncho. Anthu amangoleka kumupatsa moni, munda umene ankalima amaupereka kwa wina, ndipo amene ankabwera ndi njinga zawo ndi zigayo zawo kudzakonzetsa amayamba kupita kwina. Dzina lawo linaipa mpaka kumsika: makaniko amene anathyola mkazi wake ndi mphira. Amayi atatuluka m'chipatala sanawatengere kunyumba kwathu, anawatengera kwa a Kasiyano, ati kuti akawasamalire bwino. Mvula isanagwe, bambo anamanga zipangizo zawo panjinga nabwerera ku Chidzolomondo. Ponditsanzika anangondigwira paphewa nati, "Uziwatungira madzi amayi ako."

Ndinatunga madzi zaka zisanu. Lamulungu lililonse ndinkagwada m'tchalitchi, koma nkhani iyi sindinaiulule ngakhale kwa wansembe. Ndikamva ndodo ya amayi ikugogoda pabwalo, chakudya chinkandiwawa.

Nditakwana zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ndinapita ku Chidzolomondo. Ndinawapeza bambo pansi pa mtengo wa mango, akukonza pampu yopopera fodya. Anali ataonda, tsitsi litayera. Ndinakhala pansi n'kunena zonse, osasiya kanthu, ngakhale za kunyada kuja. Anamvetsera osaleka ntchito. Nditamaliza anaika sipanala pansi.

"Ndinadziwa tsiku lomwe ndinaona galimoto m'ngalande. Amalume ako sakanadziwa mfundo yoti amange. Ndinaonetsa munthu mmodzi yekha."

"Nanga bwanji simunanene, bambo?"

"Ndikananena, akanati mkamwini akukankhira mwana wathu mlandu. Ndipo akanandikhulupirira, iwe ukanakula ndi dzina loti unathyola mayi ako. Ine ndinali ndi kwathu kobwerera. Iwe ukanapita kuti?"

Ndinalira ngati kamwana. Iwo anadikira ndithe, kenako anandipatsa sipanala nati ndigwire mbali ina ya pampu. Ndinakhala nawo zaka zitatu, ndipo ntchito yonse imene ndimadyera lero ku Furankungo ndinaiphunzira pansi pa mango amenewo. Amayi ndinakawauzanso. Atamva anati, "Ndiye bambo ako ndinawalakwira." Anatumiza uthenga kuti abwerere, koma mayendedwe anali ovuta, bambo anali atayamba kudwala, ndipo anamwalira awiriwo asanaonanenso. Ichi ndicho chimandipweteka kuposa zonse. Ndikanayankhula pakhonde paja, kapena chaka chotsatira, kapena chinacho, mwina akanakalamba m'nyumba imodzi.

Mpaka lero makarinya onjenjemera amabwera pa ofisina yanga yokonzera magalimoto, ambiri onyamula fodya ndi chimanga m'misewu yathu yafumbi. Eni ake amakhala pachangu nthawi zonse. Ena amati ndingomangitsa apa ndi apo, ena amati ndiike chitsulo chatsopano choletsa chiwongolero kugwedera kuti asamamve m'manja. Ndimawauza kuti kunjenjemerako ndi galimoto ikukuchenjezani, ndipo kuitseka pakamwa si kuichiritsa. Ndimagona pansi, ndimagwira mfundo iliyonse, ndipo chimene chatha ndimati chatha. Akakana, ndimawapempha apite kwina. Ena amandinena kuti ndine wouma mutu.

Amalume sindinakangane nawo, koma sindinawayenderenso. Malemu mkazi wanga Felisita ankandiuza kawirikawiri kuti, "Bambo a ana, pemphero lija timanena tsiku ndi tsiku, pali pena mumatsitsa mawu." Ankanena zoona. Pofika ponena za kukhululukira otilakwira, ndinkangoyendetsa milomo.

Felisita atamwalira chaka chatha, ndinadabwa kuona amalume onse awiri pamaliro. Anachoka ku Tsangano pa shapa, minibasi ya matola, ulendo wa tsiku lonse, a Kasiyano maso atachita khungu, a Jowakimu akuwatsogolera ndi dzanja. Anakhala masiku onse a maliro. M'mawa woti azibwerera anandiitanira kuseri kwa nyumba. A Jowakimu anayamba ndi nthabwala ina ya ukalamba, koma sinawathere bwino, anangoisiya pakati. A Kasiyano ndiwo anayankhula, nkhope italoza kumbali pang'ono, poti sankandiona.

"Lusiyano, mphira ija tinakutuma ndife. Bambo ako tinawanamizira. Unali mwana."

Ndinawaperekeza kokwerera, ndinawathandiza kukwera, ndinabwerera kunyumba yopanda munthu. Ndinakhala ndi mawu awo miyezi ingapo. Ndinaganiza za amuna awiri amene anali atangochoka kothawa nkhondo, chuma chawo chonse chili m'matumba amene ankaopa kuti awola, kenako mlongo wawo ali m'chipatala chifukwa cha changu chawo. Anachita mantha, nabisala kumbuyo kwa munthu amene sakanatha kudziteteza. Inenso ndinachita chimodzimodzi pakhonde lomwelo, ndipo bambo sanandiwerengere. Ndamvetsa tsopano kuti bodza lawo ndi langa linali limodzi, kusiyana kwake n'kwakuti langa linapeza wolikhululukira msanga.

Pasaka itayandikira ndinatseka ofisina n'kupita ku Tsangano. Ndinawapeza amalume atakhala pakhonde, ndinawapatsa moni monga mwana wa mlongo wawo, ndinakhala pansi, n'kuwauza kuti nkhani ya mphira ija yatha mumtima mwanga. Bambo sabwerera, ndipo zaka zimene amayi anakhala okha sizibwerera. Koma ine ndinawakhululukira.