Nkholo Si Mawu Otukwana

Kuno kwa Zingalume kwamveka mbiri yakuti ine ndinatukwana m'chipatala Lachiwiri lapitali. Ena akuti ndinachita kukuwa. Ena akuti namwino anandipirikitsa. Wina pamsika anawonjezera kuti ndinali nditalawa kachasu. Popeza nkhaniyi ikufalitsidwa ndi anthu amene panalibe, ndiloleni ine amene ndinalipo ndiyiwongole.

Mlongo wanga aNabanda, mayi wamasiye, anagwa pangolo akuchokera kotuta nshawa. Ng'ombe zinadzidzimuka pachitunda, iwo n'kutsetsereka kumbuyo ndi kufikira pansi chokhala. Sanathyoke mwendo monga akunenera a kutsidya kwa dambo, ndipo palibe amene anawalodza. Anapweteka kafupa kamene kali kumapeto kwenikweni kwa msana, pamene munthu amakhalira. Dzina lake m'Chichewa ndi nkholo.

Ulendo woyamba wa kuchipatala ine sindinapite nawo. Amene anawanyamula pakaliyala ya njinga ndi mkamwini wawo, aZulu, munthu waulemu ndithu. Poona kuti apongozi ake akuyenda movutikira, anawaperekeza mpaka pakhomo la chipinda cha namwino, n'kuima pomwepo chisoti chili m'manja. Namwinoyo, mtsikana wochokera kumpoto amene Chinyanja anachiphunzirira m'tauni, anafunsa pamene pakupweteka. Mlongo wanga anaphimba pakamwa ndi chitenje n'kunena kuti ndi msana. Atauzidwa kuti aloze, analoza pakati pa mapewa.

Kodi mukuwadabwa? Mayi wa Chichewa angatsitse bwanji dzanja kumene kunali ululuko, mkamwini ali chilili pakhomo? Namwino anapima pamene anamulozera, anapereka mapiritsi ndi mafuta opaka, nawauza kuti abwerenso ngati sizisintha. Ndipo anthu awiriwo anabwerera kumudzi panjira ya mabampu, wodwala atakhalira fupa lomwelo pachitsulo cha kaliyala.

Kuyambira tsiku limenelo aNabanda sanathenso kukhala pansi. Ankadya chogwada. Kutchalitchi ankaimirira kumbuyo, atatsamira khoma, mpaka mapemphero kutha. Mwana wawo wamkazi ankawapaka mafuta aja m'mapewa mokhulupirika, m'mapewa mopanda vuto. Nshawa zija zinangounjikidwa pakhonde osasendedwa, makoswe atayamba kale kudzigawira, ndipo nshawa zimenezo ndizo zimasunga nyumba ya mayi wamasiye chaka chonse. Munthu sasenda nshawa ataimirira.

Nditawaona akulephera ngakhale kukhala pamphasa kuti andilonjere, ndinawafunsa mmene anagwera. Atangonena kuti chokhala, ndinadziwa. Lachiwiri tinawagoneka cham'mbali pangolo, ndipo titafika ndinapempha aZulu kuti atsale panja ayang'anire ng'ombe. Anandimvetsa msanga, n'kupita nazo kutali kuposa mmene ndinawapemphera.

M'chipindamo namwino anafunsanso, ndipo mlongo wanga anayambanso za msana. Pamenepo ndinalankhula, ndi mawu a munthu wamkulu, osakuwa:

"Amayi, pepani ndilowererepo. Mlongo wangayu anagwa chokhala. Chimene chikupweteka ndi nkholo."

Namwino sanawadziwe mawuwo, ndipo anachita bwino kufunsa. Ndinaimirira, ndinatembenuka, n'kuloza pathupi langa ine mwini. Chitseko chinali chosatsekedwa bwino, choncho amene anali pabenchi panja anamva ndi kuona. Mayi wina anaseka, wina anaitana dzina la Mulungu. Kutukwana kumene mwamva kuja n'kumeneku, palibenso kwina. Mlongo wanga anayang'ana pansi n'kunena chapansipansi kuti, "Achimwene, mwandivula pagulu." Ndinatuluka ndekha, osapirikitsidwa, kuti namwino awapime momasuka.

Tsopano tiyeni tifunsane. Mawu amenewa anasanduka liti onyansa? Ng'ombe ikaphedwa pamaliro kapena paukwati, amuna amene akugawa nyama amatchula nkholo poyera, ana ndi akazi akumva, ndipo amakangana kuti ipite kwa yani. Palibe amene amatseka makutu. Koma fupa lomwelo likakhala la munthu, timayamba kuzungulira: m'chiuno, kumsana, chakumunsiku, kumene kuja. M'chiuno ndi m'chiuno, msana ndi msana. Amene amasokoneza zinthu zimenezi asanene kuti akulankhula Chichewa chakuya.

Ndili kusekondale, aphunzitsi athu a sayansi ankajambula mafupa a munthu pabolodi ndi kutiloweza maina ake m'Chingerezi. Ine ndinkati ndikapita kutchuthi ndinkafunsa akuluakulu osenda nyama, ndipo sanasowepo dzina la fupa lililonse limene ndinawalozera. Chiyambire pamenepo ndimanyadira chilankhulo chathu. Makolo sanatisiyire chilankhulo chamanyazi chokha. Anatisiyira cholongosoka, chotchula chinthu ndi dzina lake. Ife ndife amene tikuchichepetsa, potaya mawu abwino chifukwa choopa kuti wina aseka pabenchi.

Musandimve molakwa. Mwambo wa apongozi ndi mkamwini ndimaulemekeza, ndipo ine ndemwe sindinadyepo mbale imodzi ndi mayi a mkazi wanga mpaka tsiku limene anatisiya. Ulemu umenewo ndiwo umasunga mabanja. Cholakwa n'kuutengera kumalo kumene sunapangidwire. Namwino si woombeza. Amapima pamene mwamulozera, ndipo ambiri mwa ana amene boma limatitumizira anakulira kumene mawu athu samveka. Akale anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Sananene kuti atsekule cha nyumba ya mnzake.

Ndipo inu akamwini okoma mtima, kunyamula apongozi panjinga ndi ntchito yotamandika. Koma mukafika nawo, patukani. Pitani mukaone ngati matayala ali ndi mpweya.

Namwino anapeza kuti fupalo silinathyoke, linangovulala kwambiri, ndipo anati lidzapola pang'onopang'ono akapewa kukwera njinga ndi kukhala polimba. Anawalangiza kukhalira chinthu chofewa chokhala ndi bowo pakati. Mlongo wanga, amene sasowa nzeru, anapota zitenje zakale n'kupanga nkhata yaikulu ngati ija yosenzera mtsuko. Dzulo ndinawapeza atakhalapo pakhonde, lichero lili pamiyendo, makoko a nshawa atamwazika mbali zonse. Sanandikhululukire kwenikweni, anandiyankha moni akuyang'ana m'lichero.

Tili pomwepo aZulu anadutsa, n'kunjuta patali, n'kufunsa kuti msana wa amayi wadzuka bwanji. Mlongo wanga anayankha kuti msanawo ukupezako bwino. Onse awiri ankadziwa kuti si msana, ndipo ine, amene ndimawongola aliyense, sindinawongole. Pakhonde paja mpamalo pake pa ulemu umenewo.

Koma inu amene mwakhala mukufalitsa kuti mkulu uja anatukwana, tsiku limene mudzagwe chokhala, namwino n'kukufunsani pamene pakupweteka, mudzamwa mankhwala a mapewa kufikira liti?