Dzanja lamanzere la Sitima

Alesi ankatonola chimanga pakhonde pamene anaona mwamuna wake akutulukira kuseri kwa nkhokwe. Anadzuka kuti akamulandire katundu, koma lichero linamupulumuka, chimanga n'kumwazika pabwalo ponse. Mkono wamalaya wakumanja unali wopindidwa, womangidwa ndi kachingwe paphewa, ndipo mkati munalibe kanthu.

Munali mu Juni, chaka cha 1952, m'mudzi wina ku Mkhumba. Sitima anali atakhala zaka zinayi ku migodi ya ku Joni, ndipo mwala unamuphwanya mkono. Kalata sanalembe, chifukwa dzanja lolembera linali lomwelo.

Mwana wawo wamkulu, Bertha, anangoti kukamwa yasa. Wamng'ono, Lily, amene bambo ake anamusiya ali kumsana, anakuwa n'kukabisala m'khola la mbuzi.

Sitima anali mkamwini, ndipo mkamwini amakhala pamudzi ndi khasu lake. Patapita masiku atatu anayesa kulima. Khasu linapatuka n'kumutema chala cha kuphazi. Analitaya pomwepo, ndipo kuyambira tsikulo ankangokhala kuseri kwa nyumba atayang'ana khoma. Alesi ankamupempha, nthawi zina ankamukalipira, koma iye osatembenuka.

Kenako anabwera a Kaliati, achimwene ake a Alesi, amene anali mwini mbumba. Sanakhale n'komwe pamphasa.

"Alamu, njala ya zaka zitatu zapitazo inatiphera anthu pamudzi pano. Sindingasunge pakamwa popanda khasu. Mvula yoyamba ikagwa munda wa mlongo wanga usanalimidwe, mubwerera kwanu ku Jenala. Ana atsala kuno."

"Achimwene, munthuyu ndi wodwala!" anatero Alesi.

"Chilonda chinapola kale. Ndanena."

Tsiku lina masana atsikana aja ankasewera nsikwa pabwalo, pafupi ndi pamene bambo awo ankakhala. Anakhala moyang'anana, aliyense ataimika chitsononkho patsogolo pake, n'kumapota nsikwa kuti ikagwetse cha mnzake. Nsikwa ya Bertha inasochera, n'kukaima pa phazi la bambo ake. Onse awiri anaima chilili, palibe wofuna kukaitenga.

Sitima anaitola ndi dzanja lamanzere. Anayesa kuipota, koma inangogwa chagada ngati kamba. Lily, amene kwa mwezi wathunthu sankamuyandikira, anaphulika chiseko.

"Abambo sadziwa! Munthu wamkulu chonchi!"

Bertha anamugwira pakamwa mng'ono wakeyo. Koma Sitima anatembenuka, kusiya khoma lija.

"Bweretsa chitsononkho changa, iwe wodziwa."

Tsiku limenelo nsikwa yake sinazungulire ngakhale kamodzi. Mawa lake inazungulira pang'ono n'kupita kwa nkhuku. Alesi ankaonerera ali pamtondo. Tsiku lachitatu anasiya musi, anakunga chitenje, n'kukhala pansi pambali pa Bertha.

"Masewera opanda chilango sakoma," anatero. "Amene chitsononkho chake chagwa kwambiri, mawa akaunda mtumbira umodzi wa chinangwa. Mwamva, bambo a Bertha?"

"Mukundichenjerera, mayi inu."

"Ngati mukuopa Lily, nenani."

Anagonja, monga onse ankadziwira. M'mawa mwake anadula mpini wa khasu kuti ukhale waufupi, anagwada, n'kumakokera dothi ndi dzanja limodzi, kwinaku akulikankha ndi phazi. Mtumbira umodziwo unamutengera m'mawa wonse, ndipo unali wokhota. Lily anauzungulira n'kunena kuti ukufanana ndi chulu chimene ng'ombe yaponda. Masana anagonjanso. Anagonja masiku khumi ndi awiri otsatizana.

Anthu a m'mudzi anadabwa kwambiri. Amayi opita kuchitsime ankaima ndi mitsuko pamutu, osakhulupirira kuti mkazi wapabanja wakhala pafumbi, akukuwa ndi mwamuna wake chifukwa cha chitsononkho. Ena ankati mwala uja unamumenyanso m'mutu. Nkhani itawapeza a Kaliati, anangoti, "Asiyeni asewere. Akutsanzika."

Palibe amene ankayang'ana zala za Sitima. Zinayamba kumva. Nsikwa ikasweka, ankapana chibade cha chipanda ndi zala za kuphazi, n'kuchisema ndi mpeni mpaka chikhale chozungulira, kenako n'kubowola pakati polowetsa kamtengo. Anaphunzira kumanga mabatani yekha. Mitumbira inayamba kutuluka itatu pa tsiku, kenako isanu ndi umodzi. Pofika mu Seputembala ankagwetsa chitsononkho cha aliyense, koma kumunda ankapitabe, ndipo ogonjawo ankamutsatira ndi makasu awo, akukangana za masewera a dzulo. Loweruka lina anayenda onse anayi mpaka ku Migowi, atsikana atanyamula nsikwa m'kadengu, ndipo anasewera pansi pa mtengo wa mango mpaka anthu a pamsika anawazungulira.

Mvula yoyamba inagwa pakati pa Novembala. M'mawa mwake a Kaliati anafika ndi amuna awiri oti akamuperekeze mlamu wawo. Anapeza panyumba palibe munthu, ndipo anatsika kumunda.

Atafika anaima m'mphepete mwa munda. Mitumbira inali itandandalika kuchokera kunjira mpaka kumtsinje, ndipo gawo la chimanga linali lolimidwa kale. Mmodzi wa amuna aja anavula chipewa.

"Alesi, wakulimira ndani? Usandinamize!" anatero a Kaliati.

Sitima anagwada, anakweza kakhasu kake, ndipo iwo akuyang'ana anaunda mtumbira, n'kuusalaza ndi phazi. Kenako anapita pa wina.

"Achimwene," anatero Alesi, "mtumbira uliwonse mukuuonawu ndi chitsononkho chimene chinagwa. Mukawachotsa, ana anu awa azisewera ndi ndani?"

A Kaliati anayang'ana munda, anayang'ana dzanja lamanzere lija, lokhakhala ndi zipsera. Lily anasolola nsikwa m'thumba la diresi n'kuwapatsa.

"Amalume, mukagonja mtumbira wanu ndi uwo, wa pafupi ndi chitsa."

Masana a tsiku lomwelo a Kaliati anakhala pansi pabwalo lonyowa, moyang'anana ndi mlamu wawo. Chitsononkho chawo chinagwa kasanu ndi kawiri. M'mawa mwake anthu anawaona akutsika kumunda wa mlongo wawo, khasu lili paphewa. Za ku Jenala sanazitchulenso.

Inu amene mukuwerenga, mwina mwataya chinthu chimene simudzachipezanso, ndipo mwakhala nthawi yaitali mutayang'ana khoma. Sitima mkono wake sunabwerere. Anangotola kachibade kamene kanagwera pa phazi lake, n'kulola kuti mwana wake amuseke. Madzulo ano itanani a m'nyumba mwanu, mukhale nawo pansi, musewere, ngakhale mugonje masiku khumi ndi awiri. Dzanja limene mwatsala nalo lingaphunzire. Musataye mtima.